Fodya Wotchaja: Kope la Munthu Wachibaba

Disembala 2024, Khirisimasi itangodutsa

Mng'ono wanga wa ku Joni wabwera ndi katundu wa mudzi wonse. Mayi athu alandira bulangete, alamu ake mapoto, ana nsapato. Ine anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundifumbatitsa kabokosi. "Achimwene, chifuwa chanucho ndimachimva ngakhale pa foni. Tayesani aka, anzanga ambiri kuntchito anasiya nako ndudu."

M'kabokosimo munali kachipangizo kakuda, kotalika pang'ono kuposa chala chapakati, chikasha chake chotchajira, chingwe, ndi mapaketi a tindudu tatifupi tosafika ngakhale theka la ndudu wamba. Dzina la kampani yake sindilemba muno, sanandilembe ntchito yotsatsa malonda. Mng'ono wanga akuti zilipo za makampani angapo. Philip Morris International ili ndi IQOS, imene inayamba kugulitsidwa mu 2014 ku Nagoya m'dziko la Japan ndi ku Milan ku Italy, n'kufika ku South Africa mu 2017. British American Tobacco ili ndi glo. Japan Tobacco, eni ake a JTI amene amagula fodya kwathu kuno, ali ndi Ploom. Zonsezi nzeru yake ndi imodzi: fodya atenthe, koma asayake.

Kusuta ndinayambira pa zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa nyanja ya Chilwa, ndili mnyamata, kale nyanjayo isanaphwe mu 1995. Usiku wa pa Chilwa uli ndi udzudzu wake ndi mphepo yake, ndipo wamkulu aliyense m'chimboweramo ankapichira chingambwe m'pepala la kope kapena m'khoko la chimanga. Ukakana unkaoneka mwana. Masiku ano sindilowanso m'madzi. Ndimagula mlamba ndi matemba kudoko, kuwamba kapena kuyanika, n'kukagulitsa ku Zomba ndi ku Limbe. Koma chibaba chija ndinatsika nacho m'bwato, ndipo chakula limodzi ndi ana anga.

Mwana wanga wamkazi amene akuphunzira za unamwino ndiye wandigulira kope lino. Akuti ndizilemba zimene ndikuona, osati zimene ndikufuna kuona.

Mawa lake

Ndinayesa m'mawa, mng'ono wanga ataimirira pambali. Kandudu umakalowetsa mutu wa fodya pansi, n'kudina kabatani mpaka kachipangizo kanjenjemere m'dzanja. Kenaka umadikira. Kudikirako ndiko kunayamba kundisowetsa mtendere, chifukwa munthu wozolowera machesi sadikira kanthu: khwee, wayatsa, wakoka. Apa masekondi makumi awiri ukungoyang'ana kanyali kakuphethira.

Nditaloledwa, ndinakoka mwamphamvu monga ndimakokera chingambwe chonyowa. Munangobwera kampweya kofunda. "Pang'onopang'ono, achimwene, musalimbane nako." Nditakoka mofatsa munabweradi kanthu, kanthunzi kopyapyala kamene kamatha kasanafike ndi kudenga la khonde. Pakhosi kamakanda, koma mwaulemu. Fungo lake si la fodya amene ndimamudziwa, ndi lachinyontho, lowaukira, lotsekemerera patali. Patatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi kananjenjemeranso n'kuzima kokha, ine ndisanakhute. Chala changa chinali chikugogodabe kuti chigwetse phulusa, phulusa palibe.

Madzulo ndinatenga lezala n'kung'amba kandudu kamene ndinasutako. Sikanapse. Mutu wake unangoda, wofiirira kunja, wakuda pakati, wouma gwa. Ndinang'ambanso kena katsopano. M'katimo mulibe masamba odulidwa aja timawaona m'ndudu. Muli fodya woperedwa, wosakanizidwa ndi zina, wopamanthidwa kukhala kansalu kopyapyala n'kupindidwapindidwa. Ukakagwira kamamata pang'ono ku zala. Mng'ono wanga akuti mumakhala glycerin, yomwe ija amayi amathira m'mafuta odzola, ndipo ndi imene ikatentha imasanduka nthunzi n'kunyamula chikonga kupita nacho m'chifuwa.

Apa m'pamene ntchito yanga inandithandiza kumva. Mlamba ukauika pa waya pamwamba pa moto, umauma, umatuluka mafuta, koma umakhalabe mlamba. Ukagwera m'moto umasanduka khala. Ndudu wamba ndi fodya wogwera m'moto: nsonga yake imapitirira madigiri 600, ndipo pokoka imayandikira 900. Tizipangizoti timathera cha pa madigiri 350 kapena kucheperapo. Utsi wa fodya woyaka uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Ambiri mwa iwo amabadwa ndi motowo. Ndiye eni malonda amati tachotsa moto, tachepetsa poizoni.

Akazi anga anamvetsera zonsezi akusenda chinangwa, osatukula mutu. Atatha anati, "Ndiye kuti fodyayo ndi yemweyo?" Ndinati ndi yemweyo. "Chabwino. Bola malaya asiye kubooka."

Januwale 2025, mvula ili pakati

Mng'ono wanga wabwerera. Ndatsala ndekha ndi kachipangizo ndi vuto limene ku Johannesburg saliganizira: kwathu kuno magetsi sanafike. Ndimatchajitsa pa babashopu ya sola pamsika, pomwe timatchajitsa mafoni. Mnyamata wometa anayamba wakatembenuzatembenuza, nati sakudziwa kuti andilipiritse mtengo wa foni yaing'ono kapena yaikulu. Tinagwirizana wa yaing'ono.

Pofika madzulo msika wonse unali utamva. Wina akuti ndi chamba cha azungu. Wina akuti ndi mankhwala a mphumu. Mkulu wina wa kabaza anafunsa ngati kamagwira wailesi. Ndinaseka nawo, koma chimene sichinandisangalatse ndi anyamata. Ndudu wamba saicheukira n'komwe, amati ndi ya madala ndi asodzi. Aka anakazungulira maso ali gwa, ena a yunifolomu ya sekondale, kupempha kuti alaweko. Ndinakana, ndipo tsopano ndimakapereka kwa wometa kali m'sokosi. Chinthu chonyezimira chokhala ndi kanyali chimaitana mwana amene fodya wa phulusa sakanamuitana, ndipo mwana amene sanasutepo kachipangizoka sikamupulumutsa ku chilichonse, kamangomuyambitsa.

Sabata ino kumwamba kwatseka. Anthu ali kalikiliki kuwokera mpunga m'madambo, sola ya wometa ikungopuma, mafoni ali pamzere. Lachinayi ndinapita kudoko batire ili pafupi kutha. Nyanja ndi yotseka kwa a makoka, ndiye timalimbirana mlamba wochepa wa m'miono ndi wa mbedza, kudikira mabwato kuyambira mbandakucha. Cha m'ma teni kanyali kanafiira. Ndinapirira pang'ono, kenaka miyendo inanditengera yokha pa okala, n'kugula ndudu imodzi yoyoola. Kunena zoona inakoma kuposa kale. Inandizunguza mutu, inandikhosomoletsa, koma inafika pamene kanthunzi kaja sikafika.

Kuyambira tsikulo ndili ndi fodya wa mitundu iwiri: wotchaja pakhomo, wamoto kudoko.

Lamulungu, titaweruka ku tchalitchi

Zabwino nazo ndizilembe. Makhololo a m'mawa achepa. Kale ndinkadzuka n'kuyamba ndi chifuwa mpaka nkhuku kuthawa pakhonde, tsopano ndimangokhosomola kawiri katatu basi. M'nyumba simukununkha. Pilo wasiya kuda. Zala ziwiri zija zinali zachikasu zayamba kubwerera mtundu wake. Ndiwo ndayamba kuzimva mchere, mpaka ndinadandaula kuti therere lawawa, akazi anga n'kundiuza kuti mchere ndi womwewo wa zaka zonse.

Ndinamuimbira mwana wanga kumuuza zimenezi monyadira. Anandisiya ndimalize, kenaka anafunsa funso limodzi: "Ababa, ndudu mwasiyiratu?" Ndinati kudoko kokha. Anati, "Ndiye dikirani ndikutumizireni zoti muwerenge."

Usiku uthenga unabwera wautali pa WhatsApp, ndipo ndauwerenga mpaka bandulo kutha. Ndikopere muno mmene ndamvera.

Bungwe la FDA ku America, loona za chakudya ndi mankhwala, linalola IQOS kugulitsidwa kumeneko mu 2019. Mu Julaye 2020 linalolanso kampani yake kuuza anthu kuti munthu akasiyiratu ndudu n'kusamukira ku kachipangizoka, thupi lake limalandira mankhwala oipa ocheperapo. Koma silinalole kuti azinena kuti matenda achepa, chifukwa umboni wa zimenezo sunakwane. Poyamba ndinaona ngati akungosewera ndi mawu. Nditaganizira ndinaona kuti ndi nkhani ziwiri zosiyanadi. Kuyeza poizoni m'magazi ndi m'mikodzo ndi ntchito ya miyezi yochepa. Khansa ya m'mapapo imatenga zaka makumi awiri kapena atatu kuti ionekere, pamene zipangizozi zangotha zaka khumi zili pamsika. Amene adzayankhe funso limenelo ndi ife amene tikusutafe.

A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, nawo anayankha mwezi womwewo kuti kuchepa kwa mankhwala ena sikusandutsa fodyayu kukhala wabwino, ndiponso kuti muli mankhwala ena amene amapezeka ochulukirapo m'nthunziyi kuposa mu utsi wa ndudu. Kwa iwo uyu ndi fodya basi, ndipo mayiko amene ali m'pangano la dziko lonse lochepetsa kusuta anagwirizana mu 2018 ku Geneva kuti malamulo a fodya azimukhudza. Dziko lathu linalowa m'pangano limeneli mu 2023, mochedwa kuposa mayiko ambiri, pa zifukwa zimene aliyense woona zigafa m'midzi angazidziwe.

Gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa zachipatala n'kumupeta, linaunika nkhaniyi mu 2022. Linapeza kuti amene asamukira ku fodya wotenthetsa amalandiradi poizoni wocheperapo kuposa osuta ndudu, monga mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Koma silinapeze kafukufuku ngakhale mmodzi woyeza ngati zipangizozi zimathandiza munthu kusiya kusuta, ndipo kafukufuku wambiri amene analipo analipiridwa ndi makampani a fodya omwewo. Ku Japan, kumene zinagwira msika kwambiri, malonda a ndudu anatsikadi mofulumira kuyambira cha mu 2016. Chikonga ndiye chili chomwecho, ndipo ndi chimene chimamanga munthu.

Chomaliza ndi chimene chinandilasa. Kafukufuku wina wa mu 2018 anasonyeza kuti ndudu imodzi yokha pa tsiku imapatsa munthu pafupifupi theka la chiopsezo cha matenda a mtima chimene wosuta paketi yathunthu amakhala nacho. Ine ndinkawerengera ngati malonda: ndachepetsa ndudu, ndiye vuto lachepa mofanana. Mitsempha siwerengera choncho. Ndiye fodya wanga wa kudoko uja akufafaniza zambiri zimene wa pakhomo akundichitira.

Pansi pake analemba kuti, "Ababa, sindikukudzudzulani. Kungoti amene akusuta zonse ziwiri ndi wosuta ndudu."

Febuluwale, malume atabwera

Malume anabwera kudzaona mayi. Iwo amakhala kumtunda, cha ku Thondwe, ndipo alima fodya wa bale kuyambira pamene boma linalola alimi ang'onoang'ono kumulima, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Panopa ali mkati mothyola ndi kusoka, manja awo ndi akuda ndi utomoni. Chodabwitsa n'chakuti iwo sanasutepo. Amati fodya ndi ndalama, ndipo munthu wanzeru sayatsa ndalama.

Ndinawaonetsa kandudu kong'amba. Anavala magalasi, anakafunyulula pachikhatho, anakanunkhiza, anakatikita ndi chala chachikulu. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu.

"Mphwanga, fodya yense ndi ameneyu?"

Ndinati ndi yemweyo, pafupifupi theka la amene amalowa m'ndudu wamba.

"Ndiye azungu onse akayamba timeneti, mabelo athu adzagula ndani?"

Funso limeneli silinandifikepo m'mutu. Ine ndinkaganiza za chifuwa changa, iwo anaona okushoni ya ku Limbe. Ndipo akunena zoona. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino, ndipo bale wathu ntchito yake yaikulu ndi kusakaniza m'ndudu zoyaka. Chaka chatha, mu 2024, mitengo inali yabwinoko, pafupifupi madola atatu pa kilogalamu, ndipo malume anagula malata. Koma kampani imene ikulengeza poyera kuti ikufuna tsogolo lopanda utsi ikuuzanso mlimi wa ku Thondwe kanthu kena, ngakhale siimutchula dzina. Mu 2017 Philip Morris International inalonjeza madola 80 miliyoni pa chaka ku bungwe la Foundation for a Smoke-Free World, ndipo zina mwa ndalamazo zinafika kuno ku ntchito zolimbikitsa alimi a fodya kulima soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Malume anamvapo za zimenezi pa wailesi. Akuti soya ndi wabwino, koma sanaonepo soya wobwera ndi ngongole ya feteleza ndi wogula wodikira kale, monga amachitira fodya wa kontirakiti.

Zomba yathu ino ndi fodya zinadziwana kalekale. A Buchanan, amene anali ndi minda kuno nthawi ya atsamunda isanakhazikike n'komwe, ndi ena mwa oyamba kulima fodya wa malonda, ndipo fodya woyamba kutumizidwa kunja ananyamuka mu 1893. Pofika 1908 Imperial Tobacco Company inali itamanga fakitale ku Limbe. Kuyambira pamenepo tsamba limachoka kuno pa mtengo wa kilogalamu, n'kubwerera pa mtengo wa kandudu. Malume anayerekeza pamtima kuti kilogalamu imodzi ingatulutse tindudu tingati totere, anafika pa masauzande, anaseka, n'kupempha madzi akumwa.

Pochoka anandiuza kuti, "Ukafuna kusiya, siya. Usachite kusintha mbale." Ndinawaperekeza mpaka pamsewu osayankha.

Febuluwale akupita kumapeto

Mapaketi atsala ochepa, ndipo masamu ayamba. Tinduduti sindinatione pa okala iliyonse kuno, ngakhale m'mashopu amene ndimalowa ku Zomba ndi ku Limbe. Tiyenera kuchokera ku Joni, pa basi kapena ndi matransipota, ndipo kumeneko mtengo wa paketi susiyana kwenikweni ndi wa ndudu zodula. Ukausandutsa makwacha mutu umauma, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuno wosuta sagula paketi. Amagula imodzi imodzi ndi ndalama yotsala pa sopo, ndipo zikavuta amapichira chingambwe cha labu chimene mtengo wake ndi wa masewera. Kachipangizoka kanapangidwira munthu wa malipiro a pamwezi, wa soketi pafupi ndi bedi, wa shopu pakona. Ine ndine wa dengu la matemba.

Ndinayesa nzeru za kumudzi. Ndinatenga kandudu kosutidwa kale, kuchotsa mutu wakudawo ndi singano, n'kufinyiramo labu wopera bwino. Kanatentha ndithu, koma munatuluka fungo loipa lokhalokha, nthunzi osaoneka, ndipo zinyenyeswa zinatsalira m'kati moti ndinathera madzulo onse ndikuzitokosa ndi kamtengo ka machesi. Fodya wathu wouma sagwira ntchito m'menemo, amafuna wawo womata uja. Ndinamvetsa tsopano chifukwa chake kachipangizo kenikeniko kamagulitsidwa motchipa nthawi zina: phindu lili pa tindudu, ndipo ukagula kamodzi wadzimangirira kwa kampani imodzi.

Kutsuka nako ndi ntchito. Pakapita masiku m'kati mumachita utomoni wakuda wonunkha, ndipo ukapukuta ndi kathonje kamatuluka kabii. Ndinakaonetsa akazi anga kuti aone zimene kachipangizo kagwira. Iwo anati, "Zimenezo ndi zimene zatsala. Zimene zadutsa zili kuti?"

Ndinamuimbira mng'ono wanga kuti ndimve za katundu wina. Akuti atumiza mwezi ukatha, koma mawu ake ndinawamva kulemera. Ali ndi lendi, ali ndi ana, ndipo fizi ya mwana wanga yemwe uja amathandiza ndi iyeyo. Ndinati ayambe wadikira.

Malichi, Lachiwiri

Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu wakhala akundinena za chifuwachi kuyambira chaka chatha, kuti chifuwa chopitirira milungu iwiri chimafuna kuyezetsa makhololo. Lero ndinapalasa njinga kupita ku chipatala cha Bimbi. Ndinatenga ndi kachipangizo komwe.

Adokotala ake ndi wachinyamata, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anakatenga, anakayang'ana, nati anangokawerengapo, kukagwira ndi koyamba. Sanandinyoze ndipo sanakayamikire. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi, n'kupeza kuti kwakwera pang'ono. Akuti chikonga, kaya chabwera ndi moto kaya ndi batire, chimathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha. Akutinso osuta amadwala chifuwa chachikulu mosavuta kuposa osasuta, ndipo akadwala chimawavuta kuchira. Anandipatsa kabotolo ka makhololo.

Kenaka anafunsa ntchito yanga. Nditanena kuti ndimawamba nsomba, anaika cholembera pansi. "Bambo, ndiye inu mumasuta kawiri. Pa uvuni mumakhalapo maola angati?" Sindinawerengepo. Nyengo ya mlamba ndimakhala pa utsi kuyambira masana mpaka usiku, maso akutuluka misozi, kutembenuza nsomba pa waya, nkhuni zake zaziwisi chifukwa zouma zinatha kalekale m'dera lino. Akazi anga amakhala pomwepo, ndiponso iwo ali ndi utsi wa kukhitchini. Sanasutepo fodya, koma nawo amakhosomola. M'miyezi yonseyi ndakhala ndikuyeza kanthunzi ka m'kachipangizo, utsi wa mtolo wathunthu wa nkhuni ndikuwuyesa mbali ya ntchito.

Anandilangiza kuti uvuni ukhale pamtetete, ndiziima kumene mphepo ikuchokera, ndipo ana asamasewere pafupi. Anatchulanso matenti oyanikiramo nsomba ndi dzuwa amene magulu a amayi ku Kachulu anayamba kugwiritsa ntchito. Amenewo ndimawadziwa, matemba ake amatuluka oyera opanda mchenga ndipo amagulidwa bwino m'tauni. Mlamba ndiye umafunabe moto.

Za kusiya fodya ananena mosabisa. Akuti kuli mankhwala othandiza, tizigamba tomata pakhungu ndi chingamu cha chikonga, zimene a WHO anaziika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009, ndipo ndikafuna ndikafunse m'mafamase a m'tauni. Koma akuti ambiri amene anasiya kuno anasiya ndi mutu wawo ndi anthu owazungulira. Masiku atatu oyamba ndiwo owawa kwambiri, ukali, kusowa tulo, njala yosatha, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi thupi limayamba kugonja. Chibaba chikabwera sichikhalitsa, chimakwera n'kutsika pa mphindi zochepa, ngati munthu wapeza chochita ndi manja ndi pakamwa.

Ndinafunsa kuti pakati pa ndudu ndi kachipangizo, chabwino n'chiti. Anati ngati munthu walephereratu kusiya, ndipo angathe kukhala pa kachipangizo kokha osakhudzanso ndudu, mwina poizoni amene akulandira angachepe. "Koma inu bambo, tindudu take mukatigula kuti?"

Malichi, mkati mwa Ramadani

Tindudu tatha. Kachipangizo ndakapukuta n'kukabwezera m'kabokosi. Mnyamata wometa akufuna kukagula, akuti azikangoika pa shelefu anthu azibwera kudzaona. Ndakana. Kadzabwerera ndi mwini wake.

Mnzanga amene timagula naye nsomba kudoko ndi Msilamu, ndipo amasuta kuposa ine. Mwezi uno ali pa swaumu. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa salawa kanthu, fodya yemwe. Ndakhala naye zaka zonsezi osaliona bwino limeneli: munthu amene masiku ena satha ola osayatsa, amakhala tsiku lathunthu pa dzuwa la kudoko, kutsutsana mitengo ndi asodzi, osasuta. Ndinamufunsa kuti amatha bwanji. Anati, "Achimwene, masana fodya kulibe. Si kuti ndikumukana, kulibe basi. Chovuta ndi madzulo, chifukwa madzulo aliko."

Tapangana kuti masana ndizimuperekeza. Kudya ndimadya, madzi ndimamwa, koma fodya ayi mpaka iye atafutulu. Lolemba linali tsiku loipa. Ndinakalipira mwana wa kabaza chifukwa cha dengu limene sanalimange bwino, mawu amene sindikanayenera kunena, ndipo ndinakamupepesa ndi matemba a ndiwo. Manja amasowa pokhala. Ndimayenda ndi nzimbe ndi mtedza wokazinga m'thumba, nsagwada zatopa. Chodabwitsa, miyezi ya kachipangizo ija yandithandiza pa chinthu chimodzi chimene sanalembe pa kabokosi: inandilekanitsa ndi machesi, inandizoloweza kudikira, ndipo inandionetsa nthawi zimene dzanja limapita lokha m'thumba. Ndikamadikira mabwato. Ndikatha kudya. Ndikakangana ndi munthu pa ndalama. Zitatu zimenezi ndizo zimandisutitsa, ndipo ya pambuyo pa nsima ya madzulo ndiyo yakanirira.

Zotsatira za makhololo zabwera, chifuwa chachikulu palibe. Adokotala akuti ndibwerenso mwezi wamawa adzaonenso magazi.

Mnzanga uja akuti chaka chilichonse Idi ikangodutsa amabwerera ku paketi yake, ndipo chaka chino akufuna ayese kupitiriza. Tagwirizana kuti amene ayambe kuyatsa masana adzalipira kabaza wa mnzake mpaka mwezi wa Juni. Mng'ono wanga ndamulembera kuti ndalama ya tindudu aiwonjezere pa fizi ya teremu ikubwerayi, ndipo ngati akufunabe kunditumizira kanthu, anditumizire waya wa uvuni, chifukwa amene ndili nayeyu wadyeka ndi dzimbiri ndipo makoka atsegulidwa.